Kuchotsa Ufiti pa Vodika ya Rasiberi

Ndinagwira ntchito ya m'bala pa hotela ina ya ku Makokola zaka zambiri ndithu, koma mowa sindinkamwa. Ndikawauza anthu zimenezi amaseka, ena amati ndikunama. Aseke. Ine ndine Msilamu wa konkuno kunyanja, bambo anga anali msodzi, ndipo ntchito ya m'balayo sindinachite kuisankha. Ndinalowa ngati wotsuka matambula, tsiku lina wa m'bala anathawa ntchito, manijala wachizungu n'kundiloza chala kuti iwe ima apo. Basi ndinaima. Kumzikiti akuluakulu ankandiyang'ana cham'mbali, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandipatsa ntchito ina yodyetsera ana anga, ndiye tinkangopatsana moni aliyense n'kumapita kwake.

Vuto la munthu wosakaniza mowa koma iye osamwa ndi lilime. Mphuno ndinali nayo, muyezo wa toti dzanja langa linkaudziwa lokha. Koma zoti shuga wachuluka kapena mandimu aluma kwambiri, zimenezo zimafuna m'kamwa. Lilime langa anali alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, amene ankasunga katundu ku sitolo ya hotela yomweyo. Iwowa anali Mkhristu wa ku Ntcheu, munthu wamtali, wolongolola kuyambira m'mawa. Pomwe ankakwatira mlongo wanga pamudzi panali manong'onong'o, koma anthu anatopa okha, poti munthuyo sankadana ndi aliyense, ndipo mkazi wake sanamuletsepo kupemphera swala ngakhale tsiku limodzi.

Ndikasakaniza chinthu chatsopano ndinkathira pang'ono m'kapu ya tiyi n'kugogoda kachitseko kakumbuyo komwe kankalumikiza bala ndi sitolo. Alamu ankalawa, n'kutsinzina, n'kumagwedeza mutu ngati munthu wozenga mlandu.

"A Shehe, apa mwalakwitsa. Izi n'zomwetsa ana a sukulu. Onjezani mandimu."

Ankanditchula a Shehe pofuna kundiputa, ndipo dzinalo linafala mpaka kwa makasitomala. Ine ndinkawabwezera kuti chidakwa sichilangiza munthu, koma mandimuwo ndinkaonjezadi.

Panalinso ntchito ina yomwe lilime la alamu linkandigwirira. Masiku amenewo, a chipani chimodzi, akuluakulu a boma ankabwera kawirikawiri kudzapumula kunyanja, ndipo anthu amenewa ankaopana okhaokha. Botolo lotsegulidwa pamaso pawo ankamwa bwinobwino. Koma chakumwa chosakaniza, ena ankachikankhira kwa wochipanga kuti ayambe wachotsa ufiti, monga zimakhalira kumudzi kuti mwini mowa amayamba kumwako mlendo akuona. Zikatero ndinkaitana alamu. Ankabwera akupukuta m'manja, n'kumwako pang'ono, n'kunena kuti bwana, ufiti mulibe, muli ulesi wa a Shehe basi. Bwana n'kuseka, nkhani n'kutha.

Chakumwa chomwe alendo achizungu ankachiitanitsa kwambiri, makamaka azimayi, chinali chosavuta kupanga. Vodika matoti awiri, madzi a mandimu ofinya pompo, manyuchi a shuga pang'ono, zonse n'kuthira m'sheka, kachitini kachitsulo kokhutchumulira kaja, pamodzi ndi ayisi. Mlomo wa tambula unkayamba waupaka ndimu n'kuuviika mu shuga. Ukhutchumule mpaka dzanja lizizire, usefere m'tambulamo, wamaliza. Chaka china mkazi wa manijala anabwera kuchokera ku Zomba ndi dengu la tizipatso tofiira ta kuphiri, tofanana ndi mabulosi koma tofewa kwambiri, timene iye ankati rasiberi. Anati kwawo kuli mowa wotsekemera wa tizipatso timeneti, womwe amathira pansi pa vodika ya mandimu ija. Botolo lake silinkapezeka m'masitolo a kuno, ndiye anati tipange tokha.

Tinapanga ndi alamu, ku sitolo kwawo, poti n'kumene kunali mdima ndi kozizira. Tinatsuka tizipatsoto mosamala, chifukwa ukangotifinya pang'ono taphwanyika. Tinatithira m'botolo lalikulu lakukamwa kotakata, lomwe kale munkakhala masiwiti, n'kuponyamo khungu la ndimu, n'kuthira vodika mpaka tonse timire. Mayi uja anati botololo likhale pa mdima masabata angapo, tizingoligwedeza mwa apo ndi apo, kenako tidzasefe ndi nsalu n'kuthiramo manyuchi a shuga ozizira. Ntchito yogwedeza anaitenga ndi alamu. Sipanapite nthawi anayamba kundivutitsa kuti atsegule alaweko.

"Alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha," ndinawauza.

"Nkhono yake iti, a Shehe? Inu simukudziwa chomwe mukundimana."

Anadzawatenga alamu m'mawa wina, botolo lisanapse. Kunabwera amuna awiri osavala yunifolomu, pa galimoto ya boma, n'kunena kuti akufuna akacheze nawo pang'ono ku boma. Panalibe kukokana kapena kukuwa. Alamu anatsegula kachitseko kakumbuyo kaja, n'kundipatsa makiyi a ku sitolo, n'kunena kuti, "Muzindigwedezera botolo lija." Ine ndinali ndi tambula m'manja, ndikuipukuta. Ndinalandira makiyi, ndinawaika m'thumba, ndipo ndinapitiriza kupukuta tambulayo.

Chomwe analakwa sindinachidziwe, mpaka lero. Ena ankanong'ona kuti analankhula zinazake m'basi ya ku Liwonde, zokhudza kukwera mtengo kwa zinthu. Wina anandiuza kuti anasanjika makatoni a sopo mpaka kuphimba chithunzi cha mkulu wa dziko chomwe chinali pakhoma la sitolo. Ine ndinkangodziwa pakamwa pawo. Ndinali nditawauzapo kangapo kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, iwo n'kumandiseka kuti ndine wamantha. Mantha ndinali nawodi, ndipo tonse pa hotelapo tinali nawo. Pofika madzulo a tsiku lomwelo dzina lawo linali litasiya kutchulidwa. Sabata yotsatira ku sitolo kunalowa munthu wina, ndipo kachitseko kaja anakaunjikira matumba a ufa.

Mlongo wanga anapita ku polisi ya pa boma, anamuuza kuti munthu ameneyo sakumudziwa, abwerere kunyumba akasamale ana. Anamva mphekesera zoti otengedwa motere amawasunga kundende ina ya cha ku Zomba. Anakwera basi atanyamula chambo chowamba ndi bulangete, koma anamubweza pa geti osamuuza kuti inde kapena ayi. Chambocho anabwera nacho, tinadya ife. Amayi ena omwe ankayanika nawo usipa anayamba kusuntha malo, poopa kuti angaoneke akucheza ndi mkazi wa munthu wotengedwa. Achibale a alamu a ku Ntcheu anangoti zii. Sindiwadzudzula, nanenso ndikanakhala iwo ndikanatero.

Ndikaweruka ndinkadutsa pakhomo pa mlongo wanga, ndipo funso linali limodzi lomwelo.

"Achimwene, kuntchito kwanu kumabwera akuluakulu. Simunamveko kanthu?"

"Ayi, achemwali."

"Ine sindikupempha kuti awatulutse. Andiuze chabe. Ngati ali moyo ndidikire. Ngati anapita, ndikhale eda ngati mkazi aliyense, ndivule zokongoletsa, ndiwachitire sadaka. Pano ine ndine chiyani? Wokwatiwa ayi, wamasiye ayi."

Eda ndi nthawi ija mkazi wachisilamu amabindikira mwamuna wake akamwalira. Ndinamufunsa kuti nanga poti mwamunayo ndi Mkhristu, a kumzikiti akazilola? Anandiyang'ana n'kunena kuti amene anakwatiwa ndi iyeyo mwini, osati a kumzikiti. Sindinamufunsenso.

Za ine ndinene zoona: sindinkamva kanthu. Chisoni sichinkabwera, mkwiyo sunkabwera. Ndinkadzuka, kuswali, kuvala malaya oyera ndi kabaji ka chipani, kupita kukaima kuseri kwa kauntala. Mlendo akanena nthabwala pakamwa panga pankaseka. Chakudya ndinkadya osadziwa ngati muli mchere. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndikudwala, ine ndinati ayi, ndipo sindinkanama. Ndinali ngati mwendo womwe wachita dzanzi, woti ukautsina umaona ndi maso kuti wautsina koma osamva.

Botolo lija ndinalisamutsira m'kabati ya pansi pa kauntala ndipo ndinkaligwedeza monga anandiuzira. Nthawi itakwana ndinalitsegula. Tizipatso tija tinali titayera mbuu, kufiira konse kutapita mu vodika. Ndinasefa ndi nsalu yoyera kawiri, osafinya, kuti madzi ake asachite matope. Ndinawiritsa shuga ndi madzi, ndinadikira azizire, ndinathiramo mongoganizira, n'kutsanulira zonse m'botolo lopanda chizindikiro. Fungo lake linali labwino, mphuno inandiuza zimenezo. Zotsala zinkafuna lilime. Maweta akumwa analipo ambiri, akanalawa mokondwa, koma sindinaitane aliyense. Mkazi wa manijala anali atapita kwawo kutchuthi. Botolo lofiiralo ndinangoliimika pa shelefu, pakati pa anzake, ndipo linakhala pamenepo osatsegulidwa.

Panali bwana wina wa apolisi osavala yunifolomu, wochokera ku chigawo chapakati, amene ankabwera Lamlungu akatuluka ku tchalitchi. Sanali mmodzi wa awiri aja, koma tonse tinkadziwa kuti awiri aja amatumidwa ndi iye. Anali munthu wonenepa bwino, wolankhula motsitsa, wokonda kufunsa za ana athu. Akalowa, maweta ankapeza chochita kukhitchini. Lamlungu lililonse mlongo wanga ankandiuza kuti ndimufunse, ndipo Lamlungu lililonse ndinkamuthirira mowa wake n'kukhala chete. Kufunsa za munthu wotengedwa kunali kudzipereka wekha. Ndinali ndi ana, ndipo tsopano ana a mlongo wanga ankadyanso kwa ine.

Tsiku limenelo kunkatentha kwambiri, m'bala munalibe wina aliyense. Bwanayo anakhala pa mpando wautali wa pa kauntala, anamasula tayi, maso ake n'kugwera pa shelefu.

"A Shehe, chofiira icho n'chiyani? Chilibe ndi dzina lomwe."

"N'chopanga tokha, bwana. Tizipatso ta ku Zomba. Timathira mu vodika ya mandimu."

"Tandipangireni ndione."

Manja anayamba ntchito okha. Ndinapaka ndimu pamlomo wa tambula, ndinaviika mu shuga. Vodika, mandimu, ayisi. Manyuchi ndinachepetsa, poganiza kuti chofiiracho chili kale ndi shuga wake. Ndinakhutchumula mpaka sheka inachita thukuta, ndinasefera m'tambula. Kenako ndinatsegula botolo lija, ndinagoneka sipuni chafufumimba m'mbali mwa tambula, n'kumathira pang'onopang'ono pamsana pa sipuniyo. Chofiiracho n'cholemera kuposa vodika, ndiye chinatsetsereka n'kukakhala pansi, pamwamba n'kutsala poyera. Chinaoneka bwino, ngakhale ine ndinaona. Ndinamuikira patsogolo.

Anaitembenuza tambulayo, anainunkhiza, n'kuikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Chotsani ufiti."

Sindinakonzekere chomwe ndinanena. Chinangotuluka, ndi mawu omwewo omwe ndinkanenera kuti ayisi watha.

"Ine sindimwa, bwana. Amene ankandilawira ndi alamu anga, aja a ku sitolo."

Ndinadziwa kuti wamva chomwe ndafunsa, ndipo iye anadziwa kuti ndadziwa. Fani ya kudenga inkangozungulira. Ndinaganiza za ana anga, koma ngakhale pamenepo mtima sunagunde mwachilendo. Ndinangoima, nsalu yopukutira ili paphewa.

"Yambani mwalawa," anatero, "kenako tikambe."

Ndinanyamula tambula. Chibadwire changa mowa unali usanadutsepo pa milomo yanga, ngakhale ndinakhalira kuugwira tsiku ndi tsiku. Ndinamwako. Shuga wa pamlomo wa tambula ndiye anayamba, kenako kuwawasa kwa mandimu, kenako moto pakhosi. Anati ndimwe mpaka ndifike pofiirapo, poti ufiti umakhala pansi. Ndinapendeketsa tambulayo mpaka ndinafika. Chinali chotsekemera mopitirira, manyuchi aja a m'botolo ndinali nditachulutsa. Ndikukumbuka kuti chomwe ndinaganiza panthawiyo chinali chimenecho basi, kuti shuga wachuluka.

Bwana uja anaseka pang'ono, osati mwankhanza, monga amasekera munthu akaona mwana akumwa mankhwala owawa. Anati ndimupangire ina. Ndinapanga, ndipo iyi ndinaonjezera mandimu. Anamwa theka, n'kunyambita milomo.

"Ichi ndiye chakumwa, a Shehe. Muli ndi dzanja." Anapukuta shuga pa ndevu. "Koma mupeze wina wokulawirani. Aja anatisiya nthawi ya mvula yoyamba. Akuti malungo. Anaikidwa konko."

"Chabwino, bwana."

"Simunamve kwa ine. Ndipo pasakhale maliro, pasakhale kusonkhana. Mukundimva?"

"Ndamva, bwana."

"Thiraninso ina."

Ndinathira. Anayamba kundifunsa ngati chambo chikugwidwa masiku ano, ndipo ndinamuyankha bwinobwino, kuti mwera wavuta, asodzi sakulowa kwambiri. Tinakamba za mwera mpaka anamaliza. Atanyamuka ndinatsuka matambula onse, ndinapukuta kauntala pomwe panadontha shuga kuti nyerere zisabwere. Mumtima ndinanena mawu aja timanena Asilamu tikamva za imfa. Ndinawanena mpaka kumapeto, ndinadikira kuti mwina china chake chisuntha m'chifuwa, koma sichinasunthe.

Lamlungu ndinkapuma masana n'kudzabwereranso madzulo. Ndinavula malaya a ntchito n'kuuyamba wapansi kupita kumudzi, dzuwa lili paliwombo. Mutu unkalemera pang'ono, kaya unali mowa uja kaya dzuwa. Ndinakumana ndi anthu, ndinapereka moni, ndinayankha moni. Njira yonse ndinkayesa kukonza mawu oyambira, koma palibe omwe anakhazikika.

Mlongo wanga ndinamupeza pa thandala loyanikira nsomba, akutembenuza usipa. Chapafupi panali amayi ena awiri pa mathandala awo, ndipo patsidya pake mkulu wa nthambi ya chipani ankasoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinaima pambali pake ngati ndabwera kudzathandiza, ndinayamba kutembenuza nawo nsomba. Ndinawerama kuti ndimulankhule motsitsa. Iye anabweza mutu.

"Achimwene, mukununkha mowa."

"Eya."

Anasiya manja pa usipa. Sanandifunse kuti bwanji.

"Bwana uja ndamufunsa," ndinatero. "Alamu anamwalira, achemwali. Nthawi ya mvula yoyamba. Akuti malungo, ndipo anawaika konko. Akuti pasakhale maliro."

Ndinkayembekezera kuti agwa pansi, ndipo ndinali nditakonzeka kumutseka pakamwa ndi dzanja langa, mlongo wanga weniweni, kuti anthu aja asamve. Sanagwe. Anayang'ana kwa amayi aja, anayang'ana kwa mkulu wosoka ukonde uja, n'kubwezera maso pa thandala.

"Mvula yoyamba," anatero. "Ndiye kuti pomwe ndinkapita ndi bulangete paja anali atapita kale."

"Zikuoneka choncho."

Anatembenuza usipa wina pang'ono. Kenako anapukuta zala pa chitenje, anakweza dzanja kumphuno, n'kuyamba kumasula chipini chake, chomwe anavala kuyambira ali namwali. Chinavuta kutuluka, chinali chitakhazikika. Atachichotsa panatsala kabowo kakang'ono. Anandifumbatitsa chipinicho m'dzanja osandiyang'ana.

"Kubindikira sindingathe, angafunse kuti wafa ndani," anatero. "Eda yanga ikhala yomweyi. Mundisungire."

"Nanga anthu akaona mphuno?"

"Muziti chinagwera m'nyanja."

Amayi aja anafuula kufunsa ngati usipa wathu wauma. Mlongo wanga anayankha kuti watsala pang'ono, ndipo tinapitiriza kutembenuza.